Mwini Filimu Akakhala Wosafa, Tidere Nkhawa Ndani?

Mafilimu a nkhondo, a ukazitape ndi a kubwezera chipongwe amaikidwa m'gulu limodzi ndi anthu amene amawagulitsa kapena kuwaonetsa pa intaneti, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa, popeza onsewa ali ndi mfuti, kuthamangitsana, kuphulika kwa mabomba ndiponso munthu mmodzi amene nkhani yonse yatsamira pa iye. Ine ndimawakonda mafilimu a mtundu umenewu ndipo sindichita nawo manyazi. Komabe ndimaona kuti ambiri mwa iwo amaiwalika munthu asanadzuke n'komwe pampando, pamene ena ochepa amakhazikika m'mutu kwa zaka zambiri, ngakhale atakhala akale kapena opanda maonekedwe okongola. Ndikaganizira chimene chimawasiyanitsa, ndimabwerera ku funso limodzi lokha: kodi m'filimuyi muli munthu amene woonera angamudere nkhawa moona mtima, munthu amene angathe kutayika?

Katswiri wokonza mafilimu Alfred Hitchcock, pocheza ndi wokonza mafilimu mnzake François Truffaut mu 1962, anafotokoza nkhani imeneyi ndi chitsanzo chimene okonza mafilimu amachibwerezabe mpaka lero. Iye anati tiyerekeze kuti anthu awiri akhala patebulo ndipo akucheza nkhani wamba, kenako bomba limene linali pansi pa tebulolo n'kuphulika mwadzidzidzi. Woonera adzadzidzimuka kwa masekondi 15 okha. Koma tikamuonetseratu bombalo, n'kumuuza nthawi imene liphulike, ndiponso n'kuika wotchi pakhoma pamene iye akuiona, macheza achabechabe aja amasanduka mphindi 15 za mtima uli m'mwamba, chifukwa woonerayo akufunitsitsa kuwachenjeza anthu aja koma sangathe. Anthu ambiri akamatchula chitsanzochi amangogogomezera za wotchi ndi bomba. Kwa ine mbali yaikulu ndi anthu awiri aja. Ngati sitiwaona monga anthu, kapena ngati tikudziwiratu kuti mmodzi wa iwo ndi mwini filimu amene sangafe zivute zitani, wotchiyo ikhoza kuyenda mpaka kutha popanda mtima wathu kugunda n'kamodzi komwe.

Filimu imene inagwiritsa ntchito bomba la pansi pa tebulo mwanzeru kuposa zonse zimene ndikuzidziwa ndi The Battle of Algiers, imene Gillo Pontecorvo anaitulutsa mu 1966, patangotha zaka zinayi kuchokera pamene dziko la Algeria linalandira ufulu kuchoka m'manja mwa France. Pakatikati pa filimuyi pali akazi atatu a ku Algeria amene akuvula zovala zawo za masiku onse, kudula ndi kusintha tsitsi lawo, kudzola ngati akazi a ku Ulaya, kenako n'kunyamula mabomba m'zikwama. Choyamba timawadera nkhawa iwowo pamene akudutsa pa malo ofufuzira anthu potuluka m'dera la Casbah, kumene kunkakhala eni dziko mumzinda wa Algiers, ndipo msilikali akayang'ana chikwama mtima wathu umaima. Tili kumbali yawo, makamaka popeza taona kale apolisi a ku France akuphulitsa nyumba usiku, anthu ali m'tulo. Koma akangofika kumene akupita n'kukankhira zikwama zija pansi pa mipando, kamera imatembenuka n'kuyamba kuyang'ana nkhope za anthu amene atsala pang'ono kufa: mwamuna amene akumwetulira pofuna kucheza ndi mmodzi wa akaziwo, achinyamata amene akuvina, kamwana kamene kakunyambita ayisikilimu. Woonera amene mphindi zochepa zapitazo ankapempherera kuti mabombawo adutse bwinobwino, tsopano akulakalaka kuti asaphulike. Ndipo mitembo ikamatulutsidwa m'zigumula, nyimbo yachisoni imene ikumveka ndi yomwe ija inamveka pamene ankatulutsa mitembo ya anthu a ku Casbah.

Pontecorvo sanabise mbali imene anali. Mmodzi wa amene anathandiza kukonza filimuyi, Saadi Yacef, anali mtsogoleri weniweni wa gulu lomenyera ufulu la FLN mumzinda wa Algiers, ndipo anasewera nawo m'filimuyo. Ngakhale zinali choncho, filimuyi sinalole kuti woonera apumule poganiza kuti akufawo ndi adani chabe. Inapata mphoto yapamwamba pa chionetsero cha mafilimu cha ku Venice mu 1966, inatha zaka zisanu isanaonetsedwe poyera ku France, ndipo mu 2003 inaonetsedwa ku Pentagon, likulu la asilikali a ku America, kwa akuluakulu amene ankasinkhasinkha za nkhondo ya ku Iraq. Mafilimu ochepa kwambiri ndi amene anaphunziridwapo ndi oukira boma komanso ndi asilikali olimbana nawo.

Mafilimu abwino a nkhondo amadziwa kuti msilikali amathera nthawi yambiri akudikira kusiyana ndi kuwombera. Das Boot, filimu ya ku Germany ya mu 1981 yokonzedwa ndi Wolfgang Petersen, pafupifupi yonse imachitikira m'kati mwa sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, yopanikiza moti anthu amachita kupatsana mpata kuti adutse. Mbali zake zoopsa kwambiri ndi zimene palibe akuchita kanthu. Amuna a ndevu zosameta aima chilili, maso ali kudenga, akumvetsera sitima ya adani ikudutsa pamwamba pawo ndiponso kulira kwa chipangizo chimene chikuwafunafuna, ndipo akudziwa kuti posachedwa mabomba ayamba kumira kuwalondola. Amenewa ndi asilikali a Hitler, ndipo woonera aliyense wanzeru safuna kuti apambane nkhondo, koma amapezeka akubanika nawo limodzi. Mantha amenewo ali ndi maziko m'mbiri, chifukwa mwa amuna pafupifupi 40,000 amene anatumikira m'sitima zoterezi kumbali ya Germany pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, pafupifupi atatu mwa anayi alionse sanabwerere. Filimuyi sinawayeretse ayi. Pali pamene amamaliza kuombera sitima yamafuta imene ikuyaka, akuganiza kuti mulibe anthu, n'kuona amalinyero akudumphira m'nyanja moto uli pathupi, akusambira kulunjika kwa iwo kuti awapulumutse, ndipo mtsogoleri wa sitimayo amalamula kuti abwerere chambuyo.

Mphindi zoposa 20 zoonetsa asilikali a ku America akutsika pagombe la Omaha ku France pa 6 June 1944 mu Saving Private Ryan ya mu 1998 zimatamandidwa kawirikawiri chifukwa cha magazi ndi phokoso lake, ndiponso chifukwa choti Steven Spielberg, amene anajambulira mbali imeneyi pagombe lina la ku Ireland, anagwiritsa ntchito anthu oduka ziwalo enieni kuti mabala aoneke oona. Chimene chimandigwira ine n'china. Chitseko cha boti chikangotseguka, amene ali kutsogolo amafa asanaponde n'komwe mchenga, ndipo palibe chimene wina anachita kuti afe kapena kuti apulumuke. Wina chipolopolo chagunda chisoti chake n'kulephera kulowa, ndiye pochivula kuti aone mwayi wake, chachiwiri chimamupeza. Pamenepo woonera amazindikira kuti luso ndi kulimba mtima sizikuteteza aliyense, ndipo mantha amenewo amawanyamula mpaka kumapeto kwa filimuyo, ngakhale kuti mbali zotsatira zikubwerera ku kafotokozedwe kozolowereka ka kagulu ka asilikali kamene katumidwa ntchito yovuta.

Ndilowetsepo pang'ono nkhani ya kajambulidwe, chifukwa imakhudza mfundo yomweyi. Kuyambira pamene Paul Greengrass anakonza The Bourne Supremacy mu 2004, ndi kamera yogwedezeka komanso zithunzi zodukizaduka mofulumira, okonza mafilimu ambiri anatengera kalembedwe kameneka popanda kumvetsa chimene kankachita. Greengrass ankafuna kuti tikhale m'mutu mwa munthu amene akuganiza mothamanga. Omutsanzira anapeza njira yobisira kuti wosewera wawo satha kumenya, ndipo zotsatira zake ndi ndewu zimene sungadziwe kuti wamenya ndani, wagwa ndani, chitseko chili kuti. Munthu sangadere nkhawa chinthu chimene sakuchiona. N'chifukwa chake ndewu za Jackie Chan, zojambulidwa patali kuti thupi lonse lioneke, zimagwirabe mtima patapita zaka zambiri, ndipo koposa zonse iye akamenya chinthu cholimba amakupiza dzanja kusonyeza kuti wamva kuwawa. John Wick ya mu 2014, imene anaitsogolera Chad Stahelski, yemwe kale ankachita zoopsa m'malo mwa Keanu Reeves, inabwezeretsa kajambulidwe kooneka bwino kameneka, ndipo ndimailemekeza pa chifukwa chimenecho. Koma ndimaionera luso la kayendedwe ka thupi basi, chifukwa pa amuna onse ovala masuti amene akugwa mmenemo palibe ngakhale mmodzi amene filimuyo imafuna kuti ndimuone ngati mwana wa munthu.

Mafilimu a ukazitape ali ndi makolo awiri, ndipo onse awiri anagwirapo ntchitoyi. Ian Fleming anali m'nthambi ya zaukazitape ya asilikali apamadzi a Britain pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo James Bond, amene anayamba kuonekera m'buku lake mu 1953 ndi m'filimu mu 1962, ndi kazitape mmene munthu wa mu ofesi angamulotere: wovala bwino, wodziwika ndi dzina kulikonse kumene wafika, wosakayikira n'kamodzi komwe kuti boma lake lili kumbali yolungama. Wolemba mabuku winayo, John le Carré, amene dzina lake lenileni linali David Cornwell, anagwira ntchito ku MI5 kenako ku MI6, mabungwe a ukazitape a Britain, ndipo anali ku Germany pamene khoma la Berlin linkamangidwa mu 1961. Akazitape ake ndi amuna otopa, a maukwati osokonekera, amene mdani wawo woopsa amakhala naye mu ofesi imodzi. Zimenezi sanazipeke kuchokera m'mutu. Mu January 1963, Kim Philby, amene anafika pa maudindo aakulu ku MI6 ndipo ankatsogolerapo nthambi yolimbana ndi ukazitape wa Soviet Union, anathawa ku Beirut kupita ku Moscow, ndipo zinadziwika kuti kwa zaka pafupifupi 30 ankatumikira mbali inayo.

Sindikufuna kumunyoza Bond. Mafilimu ake amalonjeza magalimoto, mayiko okongola ndi nthabwala, ndipo abwino mwa iwo amakwaniritsa lonjezolo. Koma palibe amene anayamba wamuderapo nkhawa Bond ali womangidwa patebulo la mdani, chifukwa funso limangokhala lakuti athawa bwanji. Tsono taonani Tinker Tailor Soldier Spy ya mu 2011, yochokera m'buku la le Carré lonena za kusaka kapirikoni pakati pa akuluakulu a bungwe la ukazitape. Mbali imene imanditulutsa thukuta m'manja ndi pamene kazitape wachinyamata akufuna kuba kaundula mmodzi m'chipinda chosungira mafayilo cha ofesi yake yomwe. Palibe mfuti, palibe kuthamanga. Pali chikwama, mlonda wapachitseko, foni imene iyenera kulira pa nthawi yake, ndi mnzake wa kuntchito amene angatulukire nthawi ina iliyonse n'kumuitana. Mnyamatayo angathe kugwidwa ndithu, ndipo akagwidwa moyo wake watha, moti kaundula mmodziyo amalemera kuposa nyumba khumi zophulitsidwa.

The Lives of Others ya mu 2006 inapita patali kwambiri, chifukwa kazitape wake amangokhala m'chipinda chapadenga ku East Berlin mu 1984, atavala zomvetsera m'makutu, n'kumalemba zonse zimene wolemba masewero wina ndi chibwenzi chake akulankhula m'nyumba yapansi. Bungwe la Stasi, apolisi achinsinsi a dziko la East Germany, limene iye akuligwirira ntchito linali ndi antchito pafupifupi 91,000 pofika 1989, kuwonjezera pa anthu wamba oposa 100,000 amene ankalipatsa nkhani za anansi ndi abale awo, m'dziko la anthu pafupifupi 16 miliyoni. Chiopsezo m'filimuyi chimayamba pamene womvetserayo wayamba kuwaona anthu awiri aja monga anthu. Kuyambira pamenepo lipoti lililonse limene akulemba ndi bodza limene lingamuwonongetse, ndipo woonera amapezeka akudera nkhawa anthu atatu, kuphatikizapo amene poyamba ankamuopa.

Chodabwitsa n'chakuti akazitape enieni ankaidziwa bwino mfundo imene olemba mafilimu ambiri amaiiwala. Mu April 1943, akazitape a Britain anatenga mtembo wa munthu wosowa pokhala amene anamwalira ku London, n'kuuveka yunifolomu ya msilikali waudindo amene sanakhaleko, n'kuumangirira chikwama cha makalata onamizira kuti asilikali a Britain ndi America akukonzekera kulowera ku Greece ndi Sardinia, kenako sitima yapansi pa madzi inausiya m'nyanja pafupi ndi Huelva ku Spain kuti ukokolokere kugombe. Cholinga chinali chakuti Germany ichotse maso pa Sicily, kumene nkhondo inalowera mu July chaka chomwecho. Koma makalata achinsinsi okha sakanakhulupirika. Choncho m'matumba mwa mtembowo anaikamo chithunzi cha chibwenzi, makalata achikondi, lisiti ya mphete yachitomero, zotsalira za matikiti a kumasewero, ndi kalata ya kubanki yomukumbutsa za ngongole. Iwo anazindikira kuti munthu amakhulupirika akakhala ndi ngongole komanso wina womudikira. Ndikaona filimu imene mwini wake alibe chilichonse m'thumba koma mfuti, ndimakumbukira kuti anthu amene ankanamiza Hitler anagwira ntchito yolemba nkhani mosamala kuposa pamenepo.

Pali chifukwa china, cha ndalama, chimene chimachititsa kuti mafilimu ambiri a nkhondo akhale opanda chikayiko. Ndege zankhondo, akasinja ndi sitima zonyamula ndege n'zodula kwambiri, ndipo unduna wa zachitetezo wa ku America uli ndi ofesi imene imabwereketsa zinthu zimenezi kwa okonza mafilimu, koma ukatha kuwerenga nkhaniyo ndi kuivomereza. Top Gun ya mu 1986 inalandira thandizo loterolo. Crimson Tide ya mu 1995, yonena za kuukirana kwa akuluakulu m'sitima yonyamula zida za nyukiliya, inakanidwa. Francis Ford Coppola pojambula Apocalypse Now anachita kubwereka mahelikopita kwa asilikali a ku Philippines, amene nthawi zina ankawaitanitsa pakati pa ntchito kuti akamenyane ndi zigawenga zenizeni. Nalo bungwe la ukazitape la America, CIA, linatsegula ofesi yolumikizana ndi okonza mafilimu mu 1996. Sindikunena kuti filimu iliyonse yothandizidwa motere ndi yabodza, koma n'zodziwikiratu kuti wobwereketsa ndege sangakondwere ndi nkhani imene asilikali ake akulakwitsa, kuchita mantha kapena kupha osalakwa, ndipo zimenezi ndi zomwe zimapatsa filimu ya nkhondo moyo.

Apa m'pamenenso bomba la Hitchcock linagwiritsidwa ntchito molakwika. M'mafilimu ambiri a ukazitape otuluka pambuyo pa 2001, bomba likuwerenga nthawi kwinakwake mumzinda, munthu mmodzi wagwidwa, ndipo mwini filimu amamuzunza mpaka aulule. Nthawi zonse wozunzidwayo amakhala wolakwadi, ndipo nthawi zonse zimene waulula zimakhala zoona, chifukwa wolemba nkhaniyo ndi amene anakonza kuti zikhale choncho. Zero Dark Thirty ya mu 2012, yonena za kusaka Osama bin Laden amene anaphedwa ku Abbottabad, ku Pakistan, mu May 2011, ndi filimu yokonzedwa mwaluso, koma maseneta atatu a ku America, kuphatikizapo John McCain amene anazunzidwapo ali mkaidi ku Vietnam, analembera kampani yoifalitsa kudandaula kuti ikupereka chithunzi chakuti kuzunza akaidi ndi kumene kunathandiza kumupeza. Mu December 2014, komiti ya maseneta inatulutsa chidule cha lipoti lake, chimene chinati njira zimenezo sizinali zothandiza kupeza nkhani zoona, ndiponso kuti mwa akaidi 119 amene CIA inawasunga, osachepera 26 anasungidwa molakwika. Munthu wogwidwa molakwika ameneyo sapezeka kawirikawiri pa kanema.

Ndafika tsopano pa mafilimu a kubwezera, amene ndi osavuta kukonza kuposa onse ndipo amakhala pa chiyeso chachikulu. Paja amati nkhonya yobwezera kuwawa, ndipo palibe woonera amene samva kukoma woipa akalandira zake. Kapangidwe kake n'kodziwika. Mphindi zoyambirira timaonetsedwa mkazi, mwana kapena galu, osati kuti tiwadziwe, koma kuti akaphedwa kapena kubedwa mwini filimu apeze chilolezo chochita chilichonse kwa ola ndi theka lotsatira. Wovulazidwayo amangokhala chiphaso. Adaniwo amapatsidwa kalankhulidwe kachilendo ndi dziko lochokera, monga mmene Taken ya mu 2008 inachitira ndi anthu a ku Albania, kuti tisavutike kuwawerenga. Ndiye poti mwini filimu safa, ovulazidwa sitinawadziwe, ndipo adani si anthu, m'filimu yonseyo mulibe woti timudere nkhawa. Chotsala ndi kuwerenga mitembo.

Kale zinthu sizinali zomasuka chonchi ku Hollywood. Malamulo a makhalidwe amene makampani a mafilimu anayamba kuwatsatira mwamphamvu mu 1934 ankaletsa kuonetsa kubwezera kwa m'nthawi yathu ino ngati chinthu cholungama, ndipo anagwira ntchito mpaka 1968, pamene analowedwa m'malo ndi dongosolo loika mafilimu m'magulu potengera msinkhu wa oonera. Sindikulira malamulo amenewo, chifukwa analetsanso zinthu zambiri zoona. Koma patangotha zaka 6 atachotsedwa kunabwera Death Wish, mmene Charles Bronson akuyendayenda usiku mumzinda wa New York n'kumaombera achifwamba mkazi wake ataphedwa. Chimene anthu ambiri sachikumbukira n'chakuti iye sawapeza n'komwe amene anapha mkazi wakeyo. Amapha ena ofanana nawo, oonera n'kumaombera m'manja, ndipo Brian Garfield, amene analemba buku limene filimuyi inachokera, anakhumudwa poona kuti nkhani imene iye anailemba monga chenjezo yasanduka chilimbikitso.

Mbiri ya Rambo imaonetsa bwino mmene chikayiko chimachotsedwera pang'onopang'ono. Mu First Blood ya mu 1982, John Rambo ndi msilikali wobwerera kuchokera ku nkhondo ya ku Vietnam amene mutu wake sukuyenda bwino, wosowa kolowera, amene apolisi a m'tauni ina yaing'ono akumuzunza popanda chifukwa. M'filimu yonseyo timaona munthu mmodzi yekha akufa, ndipo imfa yake ndi yochita kugwa mu helikopita. Filimuyo imatha Rambo akulira ngati mwana pamaso pa mkulu wake wakale, akusimba za mnzake amene anaphulitsidwa ndi bomba ku Saigon. M'buku la David Morrell la mu 1972 Rambo amafa, ndipo mapeto oterowo anajambulidwa koma anasiyidwa. Atangomusiya wamoyo, msika unamutenga. Mu 1985 anabwerera ku Vietnam kukapambana yekha nkhondo imene dziko lake linalephera, mu 1988 anali ku Afghanistan, ndipo munthu amene tinkamumvera chisoni uja anasanduka chifuwa ndi mfuti yaikulu. Ambiri amakumbukira Rambo wachiwiriyo, koma filimu yoyamba ndi imene ingaoneredwe lero munthu osaseka.

Kubwezera kukhoza kujambulidwa moona, ndipo amene anakuchita bwino kawirikawiri ndi amene anakuona ndi maso. Jean-Pierre Melville anali m'gulu la anthu a ku France olimbana mobisa ndi ulamuliro wa Nazi, ndipo mu Army of Shadows ya mu 1969 anaonetsa amuna a m'gulu loterolo atatenga mnyamata amene anawapereka kwa adani, kupita naye m'nyumba ya lendi kuti akamuphe. Atafika akupeza kuti nyumba yoyandikana nayo mwalowa anthu, choncho sangaombe mfuti. Akufunafuna mpeni wabwino koma palibe. Akukambirana njira zina mnyamatayo ali pomwepo akumva. Pomaliza amamupotokola pakhosi ndi kansalu kopukutira, wina atamugwira miyendo. Mnyamatayo ndi wolakwa ndithu, amunawo ali kumbali yolungama ya nkhondoyo, koma palibe woonera amene angaombe m'manja, ndipo nkhope za ophawo zimasonyeza kuti nawonso china chawathera.

Munich, imene Spielberg anaitulutsa mu 2005, inayesa kuchita zomwezo ndi nkhani yaikulu. Pa mpikisano wa Olimpiki wa mu September 1972 mumzinda wa Munich ku Germany, gulu la anthu a ku Palestine lotchedwa Black September linapha anthu 11 a timu ya Israel, ndipo boma la Israel linatuma akazitape kukasaka amene linkawaganizira kuti anakonza chiwembucho. Filimuyi imatenga nthawi kutionetsa osakidwawo asanafe. Woyamba ndi munthu wophunzira, womasulira mabuku, amene akubwerera kunyumba ku Rome atanyamula zimene wagula. Wachiwiri, ku Paris, amutchera bomba m'foni ya m'nyumba mwake, ndipo pamene akuimba kuti aliphulitse, amene akuyankha ndi mwana wake wamkazi amene wabwerera mosayembekezeka kudzatenga chimene anaiwala. Masekondi amene mmodzi wa akazitapewo akuthamanga mumsewu kuti aletse mnzake kudina batani ndi oopsa kuposa nkhondo zonse za Rambo wachitatu, ndipo chifukwa chake n'chakuti pamzere wa foniyo pali mwana amene angathe kufa. Pamene ntchito ikupitirira, aliyense wophedwa amalowedwa m'malo ndi wina wouma mtima kuposa iye, osakawo amayamba kusakidwa, ndipo mtsogoleri wawo amafika poopa kugona pabedi lake.

Komabe ngakhale filimu yolimba mtima chonchi inazemba chinthu chimodzi. Mu July 1973, m'tauni ya Lillehammer ku Norway, akazitape a Israel anaombera mwamuna amene ankakhulupirira kuti ndi Ali Hassan Salameh, mmodzi wa atsogoleri a Black September. Anali munthu wina, woperekera zakudya wochokera ku Morocco, amene ankabwerera kunyumba ndi mkazi wake woyembekezera. Apolisi a ku Norway anagwira akazitape 6, asanu mwa iwo anapezeka olakwa m'khoti, ndipo mu 1996 boma la Israel linapereka chipukuta misozi kwa banjalo popanda kuvomera mlandu. Salameh weniweniyo anaphedwa ku Beirut mu January 1979 ndi bomba lotcheredwa m'galimoto, limene linaphanso anthu ongodutsa. Nkhani ya ku Lillehammer mulibe mu Munich, ndipo ndimaona kuti kumeneku ndi kufooka kwake kwakukulu. Filimuyo imalola akazitape ake kukayikira ngati kupha kuli ndi phindu, ndiponso kufunsa ngati pali umboni wokwanira wotsutsa amene akuwapha, koma siwalola kuombera munthu wolakwika n'kudziwa m'mawa mwake kuti analakwitsa. Spielberg anali ndi nkhani yoona imeneyi m'manja, yolembedwa m'mabuku a khoti la ku Norway, ndipo akanaiikamo, oonera sakanathanso kukhulupirira chithunzi chilichonse chimene akazitapewo anapatsidwa m'mbali zonse zotsala za filimuyo.